Tisalole khoswe wapamkhate pa msewu wa M1

Tauni ya Kasungu ilibe njanji ndipo ilibe doko. Bwalo la ndege lilipo ndithu, koma ndani mwa ife anakwerapo ndege popita kukaoda katundu? Munthu aliyense, thumba lililonse la feteleza, belo lililonse la fodya, zonsezi zimalowa ndi kutuluka pa matayala. Msewu wa M1 ndiwo mtsempha wa boma lonseli, pomwe wopita ku Nkhotakota ndi wopita ku Mchinji ndi nthambi chabe. Tsono tsiku limene oyendetsa magalimoto agwirizana kuti lero sitiliza injini, Kasungu yense amangoti kakasi.

Ovutika tsiku lotere timawadziwa. Mayi wa geni amene amalawirira kukaoda kaunjika ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130, amakhala pa benchi yopanda kanthu pamene ngongole ya kubanki m'khonde ikuwerenga masiku. Tomato wochokera ku Jenda amaolera m'madengu. Mwana wasukulu amene akuyenera kukafika ku Mzuzu, ku Bunda kapena ku Zomba amagona pa depoti atatsamira chikwama, ndalama ya fizi ili m'sokosi. Wodwala amene wamutumiza ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ndiye tisanene. Onsewa sanalakwire dalaivala, sanalakwire mwini galimoto, ndipo sakhala nawo pa tebulo la zokambirana.

N'chifukwa chake sitalaka ikachitika mumamva anthu ena, ngakhale ophunzira bwino, akunena kuti boma lingoletseratu kunyanyala ntchito pa zamtengatenga. Ati ntchitoyi ndi yofunika ngati ya chipatala, kotero wonyanyala azimangidwa basi. Mawuwa amakoma m'khutu ukakhala kuti wagona panja, koma ine ndikuwakana, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Ufulu wonyanyala ntchito sitinautole panjira, abale. Mu Meyi 1992, patangopita miyezi iwiri chiwerengereni kalata ya maepiskopi a Katolika ija, ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons ku Blantyre anataya zida pansi. Moto unafalikira m'makampani ena mpaka ku Lilongwe, apolisi anaombera, ndipo anthu oposa 30 anafa. Chaka chotsatira, pa 14 Juni 1993, tinavotera matipate. Amene analemba malamulo oyendetsera dziko lino mu 1994 anali asanaiwale magazi amenewo, ndipo mu gawo 31 anaikamo kuti boma liyenera kuteteza ufulu wa wantchito wosiya kugwira ntchito pofuna kumveketsa dandaulo lake. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 linaika ndondomeko yake: muyambe mwakambirana pamaso pa mkhalapakati, zikakanika mupereke chenjezo la masiku 7, kenako munyanyale. Lamulo lomwelo limaletsa sitalaka pa ntchito zimene zikaima moyo, umoyo kapena chitetezo cha anthu chikhala pachiswe. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO nalo limanena kuti zamtengatenga mwachisawawa sizili m'gulu limenelo, ngakhale limalola kuti pakhale magalimoto ochepa oyendabe nthawi ya sitalaka. Ndipo musaiwale kuti mu 2021 aphungu athu anasintha kale lamuloli, kupatsa mabwana mphamvu zodula malipiro a wantchito amene wanyanyala kupyola masiku atatu pa chaka. Chikwanje chinanoledwa kale. Wofuna kuchinolanso afotokoze kuti akufuna kudula chiyani.

Funso limene tiyenera kudzifunsa n'lakuti: zimatheka bwanji kuti gulu limodzi likakwiya, dziko lonse liime? Ophika buledi pa bekale imodzi akanyanyala timakagula kwina, kapena timadya mbatata. Sitalaka imasanduka chingwe cha pakhosi pokhapokha ngati wonyamula anthu ndi mmodzi, kapena ngati ambiriwo akuchita zinthu ngati munthu mmodzi. Matendawo ali pamenepo, ndipo mankhwala ake ndi mpikisano.

Achinyamata amene munabadwa Sienta itafika kale, funsani makolo anu za UTM. Nthawi ya a Kamuzu Banda, amene kwawo kunali konkuno ku Kasungu, kampani ya United Transport Malawi ndiyo inali mwini misewu. Basi inali ndi nthawi yake, tikiti inali yosindikiza, kondakitala anali ndi yunifolomu, ndipo basi inkafika ngakhale kumidzi ya fumbi. Izi n'zoona ndipo akuluakulu sanama akamazikumbuka. Koma akumbukenso mbali inayo. Basi ikadzadza, inkakudutsa uli chiimire ndipo wina wokunyamula panalibe. Ikafera panjira munkagona pomwepo. Wokwera matola ankachita ngati wakuba, kugona pansi m'lole pothawa apolisi. Kudandaula kunalibe malo ake, pakuti ukadandaula kwa ndani, ndipo ukakwiya ukakwera chiyani? Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Mu 1989 kampani ya ku Scotland ya Stagecoach inagula gawo lalikulu la UTM. Inabweretsa mabasi atsopano, ena osanjikizana amene anthu a ku Blantyre ankachita kuimirira kuwayang'ana. Koma matipate atabwera, misewu inatsegulidwa kwa aliyense amene ali ndi galimoto ndi chiphaso, ndipo maminibasi anachita kusefukira. Pofika 1997 a Stagecoach analongedza, n'kusiya kampaniyo m'manja mwa ADMARC, dzina n'kukhala Shire Bus Lines. Inayenda mopenapena zaka khumi, ndipo cha m'ma 2007 inatsekedwa, madepoti ndi zotsala zake n'kupita kwa National Bus Company. Anzathu a ku Zambia anaona zofanana: kampani ya boma ya UBZ inatsekedwa mu 1995 nthawi ya a Frederick Chiluba, maminibasi n'kutenga malo.

Tinene mosabisa Chichewa: kutsegula misewu kunathandiza. Lero munthu wa ku Kasungu akafuna kupita ku Lilongwe angathe kusankha kochi yaikulu yochokera ku Mzuzu, minibasi, Sienta, ngakhale galimoto ya munthu amene akungofuna omuthandiza mafuta. Wa geni amapita m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanalowe, chinthu chimene kale chinkatenga masiku awiri. Kabaza wa njinga ndi wa njinga yamoto amakufikitsa pakhomo penipeni. Anyamata zikwizikwi amene sukulu inawakanika, kapena amene monga ena a ife tinangonunkhiza ku yunivesite n'kubwerako opanda pepala, akudyera pa msewu womwewu. Shire Bus Lines itagwa dziko silinaime ngakhale tsiku limodzi. Ikanagwa UTM mu 1985 zikanakhala bwanji?

Koma apa ndipo pali nkhani imene okonda mpikisano anzanga amaizembera. Magalimoto kuchuluka sikuti mpikisano wafika. Pitani pa depoti iliyonse m'dziko muno mufunse mtengo wa ulendo womwewo kwa makondakitala asanu. Onse akuuzani chimodzimodzi, ngati anagona nyumba imodzi. Kwa zaka zambiri bungwe la eni maminibasi la MOAM linkachita kulengeza pa wailesi mitengo yatsopano mafuta akangokwera, mpaka m'zaka za m'ma 2010 bungwe loona za mpikisano pa malonda la CFTC linaliuza kuti lileke, pakuti lamulo la Competition and Fair Trading la 1998 silinkalola ochita malonda kupangana mtengo. Kulengeza kunaleka. Kupangana kwa pasiteji ndiye amene amakwera akudziwa okha ngati kunatha.

Pasiteji pali mafumu ake. Oitanira, amene boma la a Bingu wa Mutharika linawaletsa mu 2006, anabwerera mwakachetechete ndipo ndi amene amagamula kuti galimoto iti ipakire, iti idikire. Munthu watsopano amene wagula minibasi yake, mapepala onse ali bwino, sangangofika n'kuyamba kunyamula anthu pa mtengo wotsikirapo. Ayambe walowa pamzere, alipire za pasiteji, ndipo akayerekeza kutsitsa mtengo aphwetseredwa tayala. Kumeneku ndiye kubwezeretsa UTM kudzera pazenera, kungoti UTM ya lero ilibe ofesi, ilibe yunifolomu ndipo silemba lisiti.

Tsiku la sitalaka ndi pamene chilombochi chimaonetsa mano. Taganizirani bwino: zambiri zimene timazitcha sitalaka za maminibasi si mkangano wa wantchito ndi bwana wake ayi. Kawirikawiri amakhala madalaivala, nthawi zina mogwirizana ndi eni magalimoto, amene akwiyira apolisi apamsewu, zindapusa, mtengo wa mafuta, kapena chiwerengero cha okwera pa mpando, monga zinachitikira nthawi ya Covid-19 pamene boma linachepetsa anthu okwera m'galimoto. Madandaulo ena amakhala omveka ndithu. Amene anayendapo pa M1 amadziwa kuchuluka kwa malo oimitsirapo magalimoto ndiponso zimene zimachitika kondakitala akatsika n'kupita kuseri kwa galimoto. Koma chimene chimapangitsa kuti sitalakayo igwire aliyense ndi mwala. Dalaivala amene wasankha kugwira ntchito amaphwanyiridwa galasi. Wa Sienta amatsitsidwa anthu. Wa kabaza amalandidwa kiyi. Lamulo limakupatsa ufulu woimika galimoto yako kapena kusiya ntchito yako. Palibe ndime imene imakupatsa ufulu woimika galimoto ya mnzako. Apolisi akanateteza amene akufuna kuyenda, theka la ululu wa sitalaka likanachoka popanda kulanda munthu aliyense ufulu wake. M'malo mwake timaona apolisi akufika mochedwa ndi utsi wokhetsa misozi, umene umapweteka wogenda ndi wogulitsa mandasi mofanana.

Ku South Africa zinafika poipa. Mu Ogasiti 2023 bungwe la eni mateksi la SANTACO linaimitsa maminibasi ku Cape Town kwa sabata yathunthu, mabasi ena anatenthedwa, ndipo anthu asanu anafa. Kumeneko mabungwe a mateksi akhala akuphana zaka zambiri polimbirana misewu. Amalawi amene ali ku Joni angakuuzeni. Ifenso tikamalekerera mafumu apasiteji, njira yake ndi yomweyo.

Tsono pali kunyanyala kwina kumene kumaposa kwa maminibasi. Mu Seputembala 2021 madalaivala a mathiraki anaimika magalimoto podandaula za malipiro ndi ndalama zimene amalipira podutsa m'malire. Sipanathe masiku ambiri, mafuta anayamba kusowa pa mafilingi siteshoni. Apa minibasi, Sienta, kochi ndi njinga yamoto zonse zinagwada pamodzi, ngakhale eni ake sananyanyale. Mpikisano wonse uja umathera pa pampu imodzi. Mafuta athu ambiri akhala akubwera pa msewu kuchokera ku Dar es Salaam ndi ku Beira, pamene njanji yopita ku Nacala ili pomwepo. Njanji inafika ku Lilongwe mu 1979, inaperekedwa kwa kampani ya CEAR mu 1999, koma tinadikira mpaka 2024 kuti tionenso sitima ya mafuta ikufika ku Kanengo patapita zaka zoposa 20. Madalaivala a mathiraki anali ndi mfundo, pakuti munthu wonyamula katundu wa mamiliyoni kudutsa mayiko awiri sayenera kulandira malipiro osakwana thumba la feteleza ndi lendi. Koma dziko limene mafuta ake onse amadutsa khomo limodzi lisadabwe wina akakhala pakhomopo. Thiraki ipikisane ndi sitima, Beira apikisane ndi Nacala.

Kwa ife a ku Kasungu nkhani ya mayendedwe siithera pa anthu. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, tauni yonse imadzuka: wogulitsa malata, wa njinga, wa mawailesi, wa zitenje, wa chipisi, mpaka wa kumalo omwera. Ndalama yonseyo imayamba ndi belo limene liyenera kuchoka ku Chamama, ku Wimbe, ku Santhe kapena ku Chulu kukafika ku okushoni ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Chiyambireni kulola alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mabelo ambiri amachokera kwa anthu opanda galimoto yawoyawo. Mlimi amapereka fodya wake kwa wonyamula amene kalabu kapena bungwe lake linagwirizana naye, ndipo mtengo wa thiransipoti amangouona pa pepala atadula kale. Malole akaima pamzere masiku angapo, fodya amataya maonekedwe ndipo mtengo umatsika, koma wonyamula amalandira zake zonse. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa mlimi wa ku Chulu amachoka pamphuno tsiku limene wakwera lole, ndipo kuyambira pamenepo mwini wake alibenso mawu. Mlimi ameneyu sasowa sitalaka kuti avutike. Akanakhala ndi mndandanda wa onyamula angapo, mitengo yawo ili poyera, ndipo wochedwetsa katundu n'kumalipira chindapusa, mukanaona malole akufika pa nthawi yake.

Ena anena kuti ngati zili choncho, boma ligule mabasi ake, likhale ndi kampani imodzi yamphamvu monga kale. Ayang'ane ku Zimbabwe. Mu 2020, nthawi ya Covid-19, boma la kumeneko linaletsa makombi a anthu wamba n'kusiya ntchito yonse yonyamula anthu m'matauni m'manja mwa kampani ya boma ya ZUPCO. Anthu a ku Harare ankaima pamizere maola ambiri, ena kukwera malole ndi magalimoto ozembera malamulo, mpaka mu 2022 a Emmerson Mnangagwa analola kuti ena abwerere pa msewu. Ndipo ife amene tinaona ADMARC ikulephera kusunga Shire Bus Lines, tili ndi chifukwa chanji chokhulupirira kuti ulendo uno zikhala zina? Kampani imodzi ya boma imatanthauzanso bungwe limodzi la antchito, ndipo malipiro akachedwa mwezi umodzi, dziko lonse liyenda pansi.

Komabe mpikisano wosayang'aniridwa uli ndi maliro ake, ndipo tawaika m'manda tokha. Dalaivala wa minibasi amauzidwa ndalama yoti abweretse madzulo, mafuta agule yekha, za pamsewu alipire yekha, chotsala ndicho chake. Munthu wotere amathamanga, amapakira anthu anayi pa mpando wa atatu, amaima pakona, ndipo sagona. Alibe kalata ya ntchito, alibe tchuthi, alibe penshoni, ndipo bwana akamutopa amangomulanda kiyi. N'zosadabwitsa kuti akafuna kumveka amatola mwala, pakuti khomo la khoti la Industrial Relations salidziwa n'komwe. Nthawi yonyamukira inafa limodzi ndi Shire: galimoto imanyamuka ikadzadza, ndipo okhala mkatimo ena ndi anyamata ongodzazitsa mipando kuti mukopeke. Misewu ya fumbi ndiye inasiyidwa. Aliyense akufuna M1 pomwe pali phula ndi anthu, pamene mayi wa ku Chulu nyengo ya mvula amalipira njinga yamoto ndalama yoposa ya ulendo wa ku Lilongwe.

A Stagecoach omwewo anatiphunzitsa kanthu kwawo ku Britain. Boma la kumeneko linatsegula misewu ya mabasi mu 1986 kupatula mu London. Mu 1994 m'tauni ya Darlington, a Stagecoach anayendetsa mabasi aulere mpaka kampani ya khonsolo ya m'tauniyo inagwa. Ulerewo unatha mnzawo atafa. Wamkulu akaloledwa kumeza ang'onoang'ono, mpikisano umabala khoswe wina wonenepa kuposa woyamba. Ku London anachita mosiyana. Akuluakulu a mzinda ndi amene amajambula njira, nthawi ndi mtengo, kenako makampani amapikisana kuti apatsidwe njirayo kwa zaka zingapo. Wolephera amalandidwa n'kupatsa wina. Antchito a kampani imodzi akanyanyala, mabasi a makampani ena amayendabe. Mzinda wa Manchester, utayesa njira yomasuka ija zaka zoposa 35, unayamba kutsata njira ya London mu 2023.

Sindikunena kuti Kasungu ndi London. Koma nzeru yake siilira ndalama zambiri. Khonsolo ingathe kuitana eni magalimoto kuti apikisane pa njira za kumidzi: amene alonjeze kunyamuka ku Chamama kapena ku Chulu pa ola lodziwika tsiku lililonse, pa mtengo wolembedwa, apatsidwe malo abwino pa depoti ndi kuchotseredwa msonkho wina kwa chaka chimodzi. Akaphwanya lonjezo, alowe wina. Pa M1, pomwe magalimoto ndi ambiri kale, ntchito ndi yochotsa mafumu apasiteji, kuti aliyense wa mapepala abwino apakire ndipo alembe mtengo wake pagalasi, wotsika kapena wokwera, wokwerayo asankhe yekha. A CFTC, amene anapatsidwa lamulo latsopano mu 2024, atuluke m'maofesi akaime pa depoti m'mawa umodzi ndi kope m'manja. Ndipo chiphaso chonyamulira anthu chisaperekedwe kwa mwini galimoto amene sangaonetse kalata ya ntchito ya dalaivala ndi kondakitala wake. Dalaivala wa malipiro a pamwezi sathamangira imfa, ndipo akakhala ndi mkangano ndi bwana wake amanyanyala kwa bwanayo, kutsata masiku 7 aja, pamene ena onse akuyenda.

Eni magalimoto adzati zimenezi zikweza mitengo. Mwina pang'ono. Koma atiuze kaye kuti pa ndalama imene timalipira lero, ingati imapita kwa oitanira, ingati imatsala pa malo oimitsira magalimoto pakati pa Kasungu ndi Lumbadzi, ndipo ingati imapita ku mabungwe amene saonetsa mabuku awo kwa wina aliyense. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu 2022 ndi 44 peresenti mu 2023, matayala ndi zipangizo zinakwera, izi tikuvomereza. Koma ndalama zotayika panjirazi sizinabwere ndi kugwa kwa kwacha.

Inu a geni ndi inu ophunzira ndinu amene mumadzadza mipando imeneyi tsiku ndi tsiku, koma ndinu nokha amene mulibe mpando pa zokambirana. Eni magalimoto ali ndi bungwe, madalaivala a mathiraki ali ndi bungwe, ngakhale a kabaza ali ndi matcheyamani awo. Makomiti a mumsika alipo kale, mabungwe a ophunzira alipo kale. Makhonsolo amatolera ndalama pa madepoti tsiku lililonse, ndipo misonkhano ya khonsolo ndi yololedwa kuti anthu akamvere. Tcheyamani wa msika wa Kasungu ndi mtsogoleri wa ophunzira pa koleji ya aphunzitsi apite limodzi ku msonkhano wotsatira, akafunse kuti depoti imatolera zingati pa mwezi, amene amagamula mzere wa magalimoto ndani, ndipo tsiku limene miyala idzayambenso kuuluka pa M1, wokwera adzatetezedwa ndi yani.